Pulinta ya katiriji, ya thanki kapena ya laser: iti ingakutumikireni?

Munthu akalowa m'sitolo kukagula pulinta, funso lake loyamba limakhala la mtengo, ndipo nthawi zambiri limakhalanso lomaliza. Amaloza yotchipa, amalipira, amasenza bokosi. Pakatha mwezi umodzi kapena iwiri inki yatha, ndipo akamva mtengo wa makatiriji (timabokosi ta inki) awiri atsopano amagwira pakamwa, chifukwa sukutalikirana kwenikweni ndi umene anagulira pulinta yonse. Ndalama ya pa bokosi ija ndi yochepa poyerekeza ndi zimene makinawa adzakudyereni. Zambiri zimathera ku inki, zina kwa mmisiri tsiku limene pepala layamba kutuluka ndi mizere yoyera. Choncho musanafunse kuti "ndi zingati?", dzifunseni kuti muzipulinta kangati pa sabata, muzipulinta chiyani, ndiponso magetsi anu ndi otani. Mafunso amenewa amayankhika bwino munthu akadziwa zimene zimachitika m'kati mwa makinawo.

Mmene inki imafikira papepala

Pulinta ya inki yamadzi, yotchedwa inkjet, kaya ya katiriji kapena ya thanki, simenya pepala ngati taipi ya m'maofesi akale. Imangolavulira inki chapatali pang'ono, osalikhudza n'komwe. Mukasuzumira m'kati ikugwira ntchito mudzaona kabokosi kakuthamanga uku ndi uku, kakukokedwa ndi lamba wa mano. Kunsi kwa kabokosiko n'kumene kuli hedi, ndipo pa hediyo pali timabowo tating'ono kwambiri moti tsitsi la munthu silingalowe. Kabokosi kakamadutsa, timabowo timaponya timadontho ta inki m'malo amene kompyuta yalamula. Kenako marola amakankha pepala pang'ono, kabokosi n'kubwerera. Tsamba lonse limadzaza choncho, mzere ndi mzere.

Titenge Epson L3250, imene imapezeka m'masitolo ambiri. Inki yakuda ili ndi timabowo 180, ndipo mtundu uliwonse mwa itatu inayo uli ndi timabowo 59. Kadontho kake kakang'ono kwambiri ndi mapikolita 3, kutanthauza kuti mililita imodzi ya inki ingatulutse timadontho toterewo toposa 300 miliyoni. Mitundu ya inki ndi inayi yokha: yakuda, yachikasu, cyan amene ndi buluu wowala, ndi magenta amene ndi wofiira mopita ku pinki. Mtundu wobiriwira mulibemo. Pulinta imayika timadontho tachikasu ndi ta cyan pafupipafupi, maso anu ndi amene amasakaniza. Ikani galasi lokulitsa zinthu pa chithunzi chopulintidwa, mudzaona kuti nkhope yosalala ija ndi timadontho tokhatokha.

Kumbuyo kwa kabokosi kaja kuli kalamba ka pulasitiki koonekera, kokhala ndi timizere tosaoneka bwino ndi maso. Makina amawerenga timizereto kuti adziwe pamene hedi yafika. Kalambako kakagwira fumbi, girizi kapena inki, zilembo zimayamba kutuluka zokhota kapena zamthunzi, mwinanso kabokosi kamakagunda kumapeto ndi phokoso. Ambiri amathamangira kunena kuti hedi yafa, pamene kansalu kofewa konyowa pang'ono kakanathetsa nkhani.

Kutentha kapena kufinya

Chimene chimasiyanitsa makampani ndi mphamvu imene imakankha kadontho kaja. Canon ndi HP amadalira kutentha. Kuseri kwa kabowo kalikonse kuli kachipinda ka inki, ndipo m'kachipindamo muli kachitsulo kotenthetsa. Magetsi akadutsamo, kachitsuloko kamatentha kufika madigiri pafupifupi 300 kwa kanthawi kosakwana gawo limodzi mwa magawo 100,000 a sekondi. Inki yogundana nako imawira, pamabadwa kathovu, kathovuko n'kukankhira kadontho kunja. N'zimene phala limachita likamabwata, thovu likafufuma kadontho kamaulukira pa dzanja la wophika. Kathovu kakaphwa, inki ina imayamwika kuchokera kumbuyo n'kudzazanso kachipinda, ndipo kabowo kamodzi kamachita zimenezi maulendo masauzande pa sekondi.

Njirayi inatulukira ku Japan ndi ku America pafupifupi nthawi imodzi, magulu awiriwo osadziwana. Ku Canon, nkhani imene amafotokoza ndi yakuti mu 1977 chitsulo chotentha chowotcherera mawaya chinagunda singano ya jakisoni imene munali inki, inkiyo n'kuthovoka. Injiniya Ichiro Endo ndi anzake anatsata chodabwitsacho mpaka kupanga makina amene anawatcha Bubble Jet. Ku HP, John Vaught ndi anzake anafika pa nzeru yomweyo, ndipo kampaniyo inatulutsa ThinkJet mu 1984, kenako DeskJet mu 1988.

Pali chinthu chimodzi choti mugwire pamenepa. Inki ndi imene imaziziritsa kachitsulo kotenthetsa kaja. Mukakakamiza pulinta ya Canon kapena HP kupitiriza ntchito inki itatha, timachitsulo timapsa, ndipo kabowo kopsa sikadzukanso ngakhale mutathira inki yabwino bwanji.

Epson ndi Brother anatenga njira ina, yotchedwa piezo. Mu 1880 abale awiri a ku France, Jacques ndi Pierre Curie, anapeza kuti miyala ina, monga quartz, imatulutsa magetsi ikafinyidwa. Posakhalitsa zinatsimikizika kuti zimachitikanso motembenuza: ukaipatsa magetsi imapindika. Mu hedi ya piezo, khoma la kachipinda ka inki lili ndi kachidutswa ka zinthu zoterezi. Magetsi akabwera kamapindika n'kufinya inki, kadontho n'kutuluka, popanda kuwiritsa chilichonse. Epson inabweretsa njirayi pa desiki ya munthu wamba mu 1993 ndi Stylus 800. Popeza kupindikako kungachepetsedwe kapena kuwonjezeredwa, kabowo kamodzi kamatha kutulutsa timadontho tosiyana kukula. Popezanso palibe moto, hediyo imalandira inki zimene sizingapirire kuwiritsidwa, ndipo imakhalitsa. Koma ndi yodula kupanga, n'chifukwa chake amaimangirira mu pulinta kuti ikhale momwemo moyo wake wonse. Ikawonongeka, mtengo wa hedi yatsopano pamodzi ndi wa mmisiri umakufikitsani pafupi ndi pulinta ina. Mdani wake wamkulu ndi mpweya: kathovu ka mpweya kakalowa m'kachipinda, kufinya kuja kumangothera pa mpweyawo, inki osatuluka.

Ya katiriji

Mapulinta otchipa kwambiri, monga HP DeskJet ndi Canon PIXMA ang'onoang'ono, ali ndi makatiriji awiri, yakuda ndi ya mitundu itatu. Tembenuzani katiriji yoteroyo: kambali konyezimira kamene kali kunsi ndi hedi yeniyeniyo, ndipo timadontho ta mkuwa ta kumbuyo ndi polowera magetsi. Ndiye kuti nthawi iliyonse mukagula katiriji mwagulanso hedi yatsopano. Ubwino wake ndi umenewu, ndipo si wabodza. Pulinta ikakhala miyezi itatu osagwira ntchito timabowo n'kuuma, simufuna mmisiri. Mumachotsa katiriji, kuika ina, basi.

Vuto ndi kuchuluka kwa inki. Katiriji yakuda ya HP 305 inalembedwa kuti imafika masamba 120, ya mitundu masamba 100. Canon PG-445 imafika pafupifupi 180. Manambalawa amawapeza potsata muyezo wa ISO/IEC 24711, pamene makina amapulinta masamba oyesera mosalekeza mpaka inki kutha. Kunyumba kwanu, kumene mumapulinta masamba awiri lero, atatu sabata yamawa, pulinta imadzitsuka ikamayamba ndipo inki ina imathera pamenepo, choncho musadabwe mukalephera kufika pa nambala ya pa bokosi. Katiriji ya mitundu itatu ili ndi nkhanza yakeyake: yachikasu ikatha, mumataya yonse ngakhale inayo ikadalimo.

N'chifukwa chake anthu amathira inki ndi jakisoni. Zimatheka. M'kati mwa katiriji muli siponji, ndipo mukathira pang'onopang'ono, osapitirira muyezo, imagwiranso ntchito maulendo angapo. Chinsinsi n'kuthira isanatheretu, pa chifukwa chija cha timachitsulo topsa. Koma hedi ya pa katiriji sanaipange kuti ikhalitse, ndipo tsiku lina idzakana. Pulinta nayo imapitiriza kudandaula kuti inki yatha, chifukwa siyeza zimene zili m'katimo, imangowerengera timadontho timene yatulutsa. Makatiriji ongofanizira a makampani ena nawo ali ndi msampha: kuyambira 2016 HP yakhala ikuika mu mapulinta ake ambiri pulogalamu imene imakana katiriji yokhala ndi chip (kachipangizo koizindikiritsa) ya kampani ina, ndipo pulinta yolumikizidwa pa intaneti ikhoza kulandira pulogalamuyo usiku n'kudzuka mawa ikukana katiriji imene dzulo imailandira.

Kunena mosapsatira, pulinta ya katiriji siyenera malo a bizinesi. Amene akutsegula shopu yopulinta ma CV, makalata ndi makadi a ukwati ndi makina amenewa akugwirira ntchito wogulitsa inki.

Ya thanki

Nzeru ya thanki sinayambire ku fakitale. Amisiri a m'misika, makamaka ku Asia, ankamangirira mabotolo a inki pambali pa pulinta n'kulowetsa timapaipi mpaka ku hedi. Makampani ankadana nazo, koma makasitomala ankazikonda. Mu 2010 Epson inagonja n'kutulutsa ku Indonesia mapulinta a L100 ndi L200 okhala ndi thanki yochokera ku fakitale. Canon inatsatira ndi gulu la PIXMA G, HP ndi Ink Tank ndi Smart Tank, Brother ndi gulu la T. Mabotolo omangirira pambali aja akadalipo, koma lero sindikuona chifukwa chowagulira. Timapaipi take timapanikizika ndi chivundikiro, mpweya umalowa, ndipo mukakweza mabotolo pang'ono kuposa pulinta inki imasefukira m'kati.

Kusiyana kwa manambala n'kwakukulu. Botolo la Epson 103 ndi mamililita 65. Lakuda linalembedwa kuti limafika masamba 4,500, ndipo atatu a mitundu pamodzi masamba 7,500. Kuti mufike masamba 4,500 ndi HP 305 yakuda mungafunike makatiriji 38. Canon GI-490 yakuda ndi mamililita 135 ndipo amati imafika masamba 6,000. Ngakhale mutachotsapo gawo lalikulu poganizira kudzitsuka ndi zithunzi zodya inki, mpata wake ndi waukulu moti palibe mpikisano. Pulinta ya thanki imadula pogula, kawiri kapena kuposa poyerekeza ndi ya katiriji, chifukwa apa kampani imatengeratu phindu lake pa makina m'malo moyembekeza kulipeza pa inki. Kwa ife pali ubwino winanso. Inki yonse imachokera kunja, ndipo kwacha ikagwa, monga mmene inagwera ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, kapena ndalama zakunja zikasowa, mitengo imakwera ndipo mashelefu amakhala opanda kanthu. Amene ali ndi mabotolo anayi m'kabati sada nkhawa kwa miyezi yambiri.

Pakati pa mapulinta a thanki pawokha, funso ndi lija la hedi. Epson ndi Brother ali ndi hedi ya piezo yokhalitsa koma yosachotseka ndi munthu wamba. Canon G ndi HP Smart Tank ali ndi mahedi otenthetsa, awiri, ooneka ngati makatiriji, amene amatha msanga koma pa mapulinta ambiri mungagule n'kusintha nokha. Ngati pulinta izigwira ntchito tsiku lililonse, ine ndingatenge ya piezo, chifukwa hedi imeneyi imakonda ntchito ndipo imadwala ikamakhala. Ngati pali masabata amene izingokhala, monga ya mphunzitsi amene amapita kumudzi pa holide, hedi yosinthika imapatsa mtendere, bola mufunse kaye ngati mahediwo amapezeka m'tauni yanu. Funso lomweli mufunsenso za nambala ya inki. Pulinta yabwino imene inki yake muyenera kuitanitsa ku Johannesburg nthawi zonse idzakutopetsani.

Musayembekeze liwiro. L3250 imatulutsa masamba pafupifupi 10 akuda pa mphindi, a mitundu 5, ndipo kupulinta mbali zonse ziwiri mumatembenuza nokha. Pothira inki musalole kuti itsike kupitirira mzere wa pansi, chifukwa mpweya umalowera pamenepo. Poinyamula, kaya pa minibasi kaya pa kabaza, ikhale chilili ngati mmene imakhalira pa tebulo. Ndipo chenjerani ndi mabotolo achinyengo. Inki yotchipa yosadziwika kochokera ikhoza kugwira bwino miyezi ingapo, kenako mitundu n'kuyamba kusokonekera, ndipo pa hedi yosachotseka ndalama munapulumutsa zija sizikwana ngakhale theka la kukonzetsa.

Kuuma, kutsuka ndi kumene inki yotsukira imapita

Matenda a inkjet iliyonse ndi amodzi: inki ndi madzi, ndipo madzi amauma. Pulinta ikamaliza ntchito imabwezera hedi pakona pamene pali kachivundikiro ka labala kotseka timabowo kuti mpweya usafike. Mukazimitsa ndi batani lake, imayamba yakaimika hedi pamenepo. Mukazimitsira pakhoma, kapena magetsi akathima ili m'kati mopulinta, hedi imatsala pakati, pululu. M'nyengo yotentha ya Okutobala, ku Nsanje, ku Salima kapena ku Karonga, hedi yosiyidwa choncho siichedwa kuuma. Magetsi akangobwera yatsani pulinta kuti ibwezere hedi pamalo pake, ndipo fumbi likachuluka muziifunditsa kansalu.

Mankhwala otchipa ndi kupulinta kanthu kakang'ono ka mitundu yonse kamodzi pa sabata. Mukaona mizere yoyera, musayambe n'kutsuka. Pulintani kaye tsamba loyesera timabowo, lija amati nozzle check. Limatuluka ndi timizere topendekeka ngati masitepe, mtundu uliwonse pawokha, ndipo kamzere kalikonse kachokera m'kabowo kamodzi. Pamene pali mpata ndi pamene patsekeka. Mukatsuka n'kupulintanso tsambalo, yang'anani ngati mipatayo ili pomwe paja kapena yasamuka. Ikakhala malo omwewo, ndi inki youma. Ikamasamukasamuka, kawirikawiri ndi mpweya, ndipo kutsuka mobwerezabwereza kumangowonjezera vuto. Buku la Epson limanena kuti mukatsuka katatu osasintha, siyani makina maola 12 osapulinta, kenako muyesenso. Ambiri sapirira, amatsuka kakhumi motsatizana n'kumadabwa kuti thanki yatsika.

Inki yotsukirayo siisowa. Kapampu kamaiyamwa kudzera m'kachivundikiro kaja n'kukaithira pa masiponji amene ali pansi pa makina. Pulinta imawerengera kuchuluka kwake, ndipo ikaona kuti masiponji adzaza imaima, magetsi ake n'kumaphethira, osalola tsamba ngakhale limodzi. Amisiri ali ndi pulogalamu yobwezera chiwerengerocho pa ziro, ndipo m'mphindi zochepa makina amadzuka. Koma pulogalamu siumitsa siponji. Uzani mmisiri asinthe kapena achape masiponjiwo, apo ayi tsiku lina mudzapeza dziwe lakuda pa tebulo, pansi pa mapepala a kasitomala. Mitundu ina yatsopano, monga Canon G2420 ndi G3420, ili ndi kabokosi ka inki yotayika kamene mumasolola n'kuika kena. Pogula, chimenechi ndi chofunika kuposa Wi-Fi.

Kodi zolembazo zikanyowa?

Inki imapangidwa mwa njira ziwiri. Ya dye ndi utoto wosungunukiratu m'madzi. Imalowerera m'pepala, imawala bwino pa zithunzi, koma dontho la mvula likagwera pa kalata zilembo zimayenderera, ndipo chikwangwani chomatidwa padzuwa chimafwifwa. Ya pigment ndi tinthu tolimba toyandama m'madzi, timene timakakamira pamwamba pa pepala. Zilembo zake zimakhala zakuthwa, zosaopa madzi kwenikweni. Pa Epson 103 mitundu yonse inayi ndi dye, yakuda yomwe. Pa Canon GI-490 ndi HP GT53 yakuda ndi pigment. Ngati ntchito yanu yaikulu ndi makalata ofunsira ntchito, mapangano ogulitsana malo ndi malisiti, zinthu zimene munthu aziyenda nazo m'thumba nyengo ya dzinja, kusiyana kumeneku n'kwenikweni. Epson ilinso ndi gulu la M, monga M1120, la thanki imodzi yakuda ya pigment, lopangidwira zolemba zokhazokha.

Laser, mdani weniweni wa inkjet

Pulinta ya laser ilibe inki yamadzi. Imagwiritsa ntchito tona, ufa wosalala wa pulasitiki. Kuwala kwa laser kumajambula tsamba pa diramu yokhala ndi mphamvu ya magetsi, ufa umakakamira pamene pajambulidwa, umasamukira papepala, kenako pepala limadutsa pa rola yotentha madigiri pafupifupi 200 imene imausungunula n'kuumata. N'chifukwa chake tsamba limatuluka lofunda. Gary Starkweather ndi amene anayambitsa njirayi ku Xerox, ndipo HP LaserJet yoyamba inatuluka mu 1984, chaka chomwecho cha ThinkJet, ili ndi injini ya Canon m'kati.

Ufa suuma. Mungasiye laser chaka chathunthu, kuiyatsa, tsamba loyamba n'kutuluka bwinobwino. Mvula siyendereza zilembo zake. Ndi yachangu: Canon LBP6030, imene ndi yaing'ono, imatulutsa masamba 18 pa mphindi. Tona ya HP 85A kapena Canon 725 imafika masamba 1,600, ndipo matona ofanizira ndi othiridwanso amapezeka mosavuta. Pa tsamba limodzi, tona yeniyeni imadula kuposa inki ya m'botolo koma imatchipa kwambiri kuposa katiriji. Laser ya mitundu ndi nkhani ina. Imafuna matona anayi, onse odula, ndipo zithunzi za anthu sizituluka bwino ngati pa inkjet.

Pamene laser imagwera ndi pa magetsi. L3250 ikamapulinta imadya mawati pafupifupi 12. Laser yaing'ono imadya oposa 300, ndipo pamene ikutenthetsa rola ija imalumpha kwambiri kuposa pamenepo. Ndi chifukwa chake opanga ma UPS, mabokosi a batire othandiza kompyuta magetsi akathima, amachenjeza kuti musalumikizepo laser. Ngati shopu yanu ili pa malo a malonda akumudzi ndipo mumadalira sola, batire imodzi ndi inveta yaing'ono, laser idzalizitsa inveta tsamba lisanatuluke, pamene inkjet izigwira tsiku lonse pamodzi ndi laputopu. Ngakhale m'tauni, magetsi a ESCOM akathima, wa inkjet amapitiriza pa batire, wa laser akudikira jenereta. Epson inalengeza mu 2022 kuti pofika 2026 isiya kugulitsa mapulinta a laser, ikutchula nkhani yomweyi ya magetsi, ngakhale tisaiwale kuti kampaniyo phindu lake lili ku inkjet. Laser imadananso ndi mapepala achinyezi, amene amapindika ndi kutentha n'kukodwa m'kati, choncho nyengo ya mvula limu ya mapepala yotsegula muziisunga m'pulasitiki.

Ndani atenge iti

Wopulinta mwa apo ndi apo, zakuda zokhazokha, ndipo ali ndi magetsi odalirika, atenge laser yaing'ono yakuda. Loya, kalaliki wa mpingo, ofesi yaing'ono ya makalata ndi mafomu, onsewa ali m'gulu limeneli. Wopulinta tsiku ndi tsiku, wofuna mitundu, kapena wodalira sola, atenge ya thanki. Shopu imene ikuyenda bwino imafika pokhala ndi zonse ziwiri, laser ya zolemba zambirimbiri ndi thanki ya makadi, mapulogalamu a ukwati ndi a maliro. Sukulu yofuna kupulinta mayeso a ana mazana isazunze inkjet. Ntchito imeneyo ndi ya fotokope yaikulu kapena makina a Riso ochulukitsira mapepala. Ndipo amene amapulinta masamba osakwana khumi pa mwezi asagule chilichonse. Kulipira pa shopu ya pafupi kumamutchipira kuposa kusunga makina amene azingouma.

Wojambula zithunzi za pasipoti ndi za situdiyo ayang'ane za inki zisanu ndi imodzi, monga Epson L805 kapena L8050, zimene zimawonjezera cyan ndi magenta wopepuka kuti khungu lisaoneke timadontho. Wofuna kudinda makapu ndi matisheti afunika inki ya sublimation, imene imasanduka nthunzi pa makina otenthetsa madigiri pafupifupi 200 n'kulowa mu polyester. Inkiyi imafuna hedi ya piezo, ndipo pulinta imene mwaithira ikhale ya ntchito yomweyo basi, osamasinthasintha.

Ngati m'bale wanu wa kunja akufuna kukutumizirani pulinta, mufunseni kaye nambala ya katiriji. HP imagawa dziko m'zigawo. DeskJet 2130 yogulidwa kuno imalandira katiriji 123, ya ku Ulaya imafuna 302, ya ku America 63, ndipo iliyonse imakana ya inzake ngakhale maonekedwe ndi amodzi. Yochokera ku South Africa kawirikawiri imagwirizana ndi zimene zili m'masitolo athu. Laser ya ku America inapangidwira magetsi a mavoti 120, pamene athu ndi 230. Mukailumikiza popanda thiransifoma, ipsa nthawi yomweyo.

Yogwiritsidwapo kale ntchito musagule ndi maso okha. Laser muipulintitse tsamba loyera ndi lina lodzaza zolemba: chidontho chobwerezabwereza pa mpata wofanana ndi diramu yovulala, ndipo zilembo zofufutika ndi chala zikusonyeza kuti rola yotenthetsa yatopa. Inkjet muuze mwini wake apulinte nozzle check inu mukuona, osati imene anasunga dzana. Pa Epson za thanki tsambalo limasonyezanso chiwerengero cha mapepala onse amene adutsamo. Kenako nyamulani makinawo pang'ono muyang'ane kunsi. Mukaona madontho a inki, masiponji adzaza kale, ndipo mtengo wosinthira uchotsedwe pa ndalama imene akukutchulirani.